Mawu a agogo aja tidule pati?

Malume: Za ndalama za ma flash oikamo mawu a agogo zili pati? Amene apereka ndi ochepa. Ena akungowerenga osayankha, tikuwaona.

Chitsirizira: Malume, ma flash adikire kaye. Matepi a agogo onse ndawasandutsa mp3, koma koyambirira kuli phokoso lokhalokha, anthu akukoka mipando. Ndikufuna kudula.

Azakhali: Kudula?? Mawu a bambo anga musawakhudze chonde

Chitsirizira: Enieniwo sindiwakhudza azakhali. Ka script kanga (timalamulo ta pa kompyuta toyendetsa ffmpeg, pulogalamu yodulira mawu) kakuika odulidwawo mufoda ina:
mkdir -p zodula
for f in *.mp3; do ffmpeg -ss 40 -i "$f" -c copy "zodula/$f"; done
-ss 40 ndiye kuti iyambire pa sekondi 40. -c copy ikungokopera mawuwo momwe alili, siikuwapanganso, ndiye amveka chimodzimodzi.

Achemwali: Iwe, 40 pa onse? Tepi ya nthano ija agogo amayamba pomwepo ndi pemphero. Ulidula.

Chitsirizira: Mpake ndikupempha thandizo. Aliyense amvetsere ake, anditumizire dzina la fayilo, poyambira ndi pothera, chonchi 00:01:15 mpaka 00:28:40. Nthawizo ndiziika mu fayilo imodzi, script iziwerenga mzere ndi mzere, pothera ndiika -to. Maina musasinthe, script ikufuna dzina ndendende.

Malume: Zonsezi nzabwino koma popanda ndalama tiziika pati?

Alamu: Mwaswera bwanji nonse, taonani mwana wayamba kuyenda 😍

Azakhali: Eee wakula! Mphumi ngati ya agogo ake

Achemwali: Alamu, mafayilo asanu munatenga mwezi watha aja mwamvetsera?

Azakhali: Tepi imene akuyankhula za kagawidwe ka katundu isadulidwe ngakhale sekondi imodzi. Ena angakonde itasowa.

Achemwali: Azakhali tisayambe zimenezo pano

Chitsirizira: Imeneyo ndingoikopera yonse. Ndipo pa flash iliyonse pakhala mafoda awiri, odulidwa ndi osadulidwa, wina asadzanene kuti ndinachotsapo kanthu.

Malume: Mafoda awiri ndiye kuti flash yokulirapo. Ndalama zikweranso. Achimwene anu aakulu ali kuti? Chiyambire sanalembepo kanthu.

Achemwali: Ali pa intaneti, ndikuwaona. Alamunso athawa.

Chitsirizira: Nthawi zija zindipeze Lachisanu. Amene satumiza, ake ndiwasiya ndi phokoso la mipando lomwelo.

Malume: Lachisanu lomwelo ndilemba maina a amene sanapereke pompano.