Mabwalo a Olimpiki ya nyengo yozizira amathera kuti alendo akapita?

Nachisale

Akuluakulu, ndithandizeni. Olimpiki ya nyengo yozizira imangotenga masabata awiri ndi timasiku, koma akuti Russia idathira madola pafupifupi 50 biliyoni ku Sochi mu 2014. Kulinso zithunzi za njira ya bobsleigh (mpikisano wa ngolo zotsetsereka pa ayisi) ya ku Sarajevo, ku Bosnia, ya 1984, yamera tchire. N'chifukwa chiyani mizinda ina imapindula, pomwe ina imatsala ndi mabwinja?

Phiri Wamafiriji

Mayi Nachisale, za Sarajevo tiziike padera, chifukwa kumeneko idawononga zinthu ndi nkhondo ya 1992 mpaka 1995. Chitsanzo chabwino ndi Turin 2006, ku Italy, komwe kudalibe nkhondo. Njira ya bobsleigh ya ku Cesana Pariol idadya ndalama pafupifupi ma euro 110 miliyoni, koma pofika 2011 idali itatsekedwa.

Vuto lili pa mmene chinthucho chimagwirira ntchito. Njirayi ndi firiji yosatseka, yotalika pafupifupi kilomita ndi theka, yoyalidwa m'mbali mwa phiri. Ndi ngalande ya konkire, ndipo m'kati mwa konkire mumadutsa mapaipi a amoniya amene makina amapopa usana ndi usiku. Antchito amawaza madzi pang'onopang'ono mpaka ayisi akhuthale masentimita angapo, kenako amapala ndi manja khona lililonse, poti kabampu kakang'ono kangagudubuze ngolo yothamanga makilomita oposa 130 pa ola. Dzuwa likawala amakoka matenti kuti ayisi asafewe. Ndiye werengani nokha: magetsi, amisiri, komanso alonda a amoniya, amene akatayika amapsereza maso ndi mapapo. Ku Cesana padali matani pafupifupi 50 ofunika kuwachotsa njirayo itatsekedwa.

Tsono olipira ndani? Ochita masewerawa m'dziko limodzi ndi ochepa zedi, sangakwanitse bilu yotere. Ku Nagano, ku Japan, komwe kudali mpikisano wa 1998, adasiya kuika ayisi panjira yawo mu 2018 pa chifukwa chomwechi. Mabwalo odumphirapo ndi ski (timatabwa totsetserekera pa chipale chofewa) nawonso amafa imfa yomweyi. A ku Pragelato, pafupi ndi Cesana pomwepo, angokhala.

Gama wa ku Calgary

A Phiri anena zoona. Ine ndiwonjeze za amene zidawayendera, chifukwa sikuti adachita mwayi.

Salt Lake City 2002, ku America, idatsala ndi phindu, ndipo madola 76 miliyoni adawaika m'thumba lapadera loyendetsera mabwalo. Phindu la thumbalo ndilo limathandiza kulipira njira ya bobsleigh ya ku Park City ndi bwalo la mpikisano wa liwiro pa ayisi la ku Kearns, kuphatikiza zomwe alendo amalipira kuti akwere nawo ngolo. Mabwalowo akugwirabe ntchito, n'chifukwa chake mzindawu adaupatsanso mpikisano wa 2034 popanda kumanga zambiri.

Ena amaganizira ntchito yachiwiri ya nyumba asanakumbe fandeshoni. Bwalo la Richmond, la Vancouver 2010 ku Canada, adalipanga akudziwa kuti njira ya ayisi ya mamita 400 idzachotsedwa. Lero muli mabwalo awiri a ayisi, a basketball, pothamangira ndi jimu, ndipo anthu wamba amalowa tsiku lililonse. Ku Lillehammer 1994, ku Norway, nyumba ya atolankhani a wailesi ndi TV idasanduka koleji, ndipo zina mwa nyumba za osewera zidali zomasula, adazinyamula kupita nazo kwina. Tauni yaing'ono ngati imeneyo ikadazitani zonsezo?

Ku PyeongChang, ku South Korea, adasankha kugwetsa. Bwalo la anthu 35,000 lidagwira ntchito kanayi kokha mu 2018, potsegulira ndi potsekera Olimpiki ndi Paralimpiki (mpikisano wa anthu olumala), basi n'kuliphwasula. Anthu adadandaula, koma ine ndimati bola pamenepo kusiyana n'kumalipenta chaka ndi chaka mulibe munthu.

Nangozo

A Gama, pa PyeongChang ndikutsutsaniko pang'ono. Kuwononga madola oposa 100 miliyoni pa zochitika zinayi si nzeru. Kudali kotheka kuchitira mwambowo pabwalo lomwe lidalipo kale. Ndipo pa phiri la Gariwang adadula nkhalango yakale kuti apange njira yotsetserekera ya masiku ochepa. Mitengo ija simungaibweze ndi bajeti.

Chimene chidatsaladi kumeneko ndi sitima yapamtunda yothamanga kwambiri ya KTX, yofika ku Gangneung kuchokera ku Seoul m'maola awiri. N'chimodzimodzi sitima ya Canada Line yopita ku eyapoti ya Vancouver, ndi sitima yapansi ya ku Turin yomwe idatsegulidwa mu 2006. Muyeso wake ndi wosavuta: kodi anthu akadaifuna ntchitoyi popanda Olimpiki? Gawo lalikulu la ndalama za Sochi lidapita ku misewu, njanji, magetsi ndi mahotela, osati ku mabwalo.

Musaiwalenso chipale chofewa. Ku Vancouver adachita kuchituta pa malole ndi helikoputa kupita ku Cypress Mountain. Ku Sochi adasunga milu yake chaka chathunthu atafunditsa zofunda zapadera. Ku Beijing 2022 pafupifupi chonse chidali chopanga. Makina opangira amafuna kuti kuzizire madigiri awiri kapena atatu pansi pa ziro, ndipo malita 1,000 a madzi amangotulutsa chipale chokwana makyubiki mita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye pamafunika madamu, mapampu ndi mapaipi okwera phiri lonse, ndipo zimenezi zimafuna ndalama chaka chilichonse ngati malowo akufuna kukhalabe otsegula.

Nachisale

Zikomo nonse. Nanga poti Italy idapsa kale ku Cesana, idatani pa mpikisano wa 2026?

Phiri Wamafiriji

Idamanganso ina, mayi. Ku Cortina, komwe kudachititsa mpikisanowo pamodzi ndi Milan, kudali njira yakale ya Eugenio Monti yomwe idatsekedwa mu 2008 chifukwa cha ndalama. Bungwe la IOC, loyendetsa Olimpiki, lidalangiza kuti agwiritse ntchito njira yomwe ilipo kale kunja, monga ya Innsbruck ku Austria kapena ya St. Moritz ku Switzerland, koma boma lidakana kuti mpikisano utuluke m'dziko. Yatsopanoyo idadya ma euro pafupifupi 120 miliyoni. Kwina adachenjera: mpikisano wa liwiro pa ayisi adauika m'maholo a chionetsero cha malonda ku Rho, kunja kwa Milan, pa ayisi wongoyembekezera. Njira ya Cortina ili kale ndi ntchito mu 2028 pa Olimpiki ya achinyamata. Zoyang'ana ndi mabilu a zaka zotsatirazo, komanso ngati matimu akunja azibwera kudzalipira kuti aziphunzirapo.