Epson P900 kapena Canon PRO-1000 pa zithunzi zakuda ndi zoyera?

Wojambula wa ku Yeoville:
Abale anga kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndimadyera kujambula maukwati ndi zinkhoswe, koma chaka chatha nditapita kwathu ku Nkhotakota ndinatha masabata awiri ndikujambula asodzi, zonse zakuda ndi zoyera. Pali chimodzi chomwe sichindichoka mumtima: amalume akuyala usipa pathandala m'bandakucha, nyanja kumbuyo kwawo ili bii, usipawo ukungoti waliwali. Ndinakachisindikizitsa pa shopu ina m'tauni muno. Chinatuluka chobiriwira ngati chagona m'ndere, nkhope ya amalume itamira mumdima. Ndiye ndasonkha kangachepe kuti ndigule printa yangayanga yofika pa pepala lalikulu la A2, ndipo ndatsala ndi ziwirizi. Ndimakhala m'chipinda chimodzi, ndipo kusindikiza kwake mwina kuzikhala kawiri pamwezi.

Mkulu wa ku Rosettenville:
Achimwene, pomwe mwati kawiri pamwezi ndi pomwe pagona nkhani. Joni ili pamtunda, mamita opitirira 1,700, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umauma gwaa. Mmene milomo yanu imang'ambikiramo, inki nayo imaumira m'timabowo ta hedi, kachipangizo kamene kamapopera inki papepala. Printa yanga yakale, dzina ndisatchule, ndinaisiya masabata asanu ndi limodzi nditapita kumaliro kumudzi. Pobwera chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi mizere yoyera ngati mphini, ndipo ndinathera inki yambiri poitsuka.

Kusiyana kwake nkwakuti hedi ya Canon mukhoza kuisintha nokha ikafa, ngakhale mtengo wake ndi wolira nawo, pomwe ya Epson imafuna amisiri. Canon imadzitsuka yokha pafupipafupi, ndipo kudzitsukako kumadya inki. Iliyonse yomwe mungagule, muzitulutsa kachithunzi kakang'ono sabata iliyonse. Muganizirenso msana wanu: Canon imalemera makilogalamu pafupifupi 32, Epson theka lake. Ngati chipindacho chili pamwamba pa masitepe, mwamva kale.

Mayi wa ku Braamfontein:
Kubiriwirako sikuti kamera yanu yalakwa, alongo. Makina ambiri a m'mashopu amapanga mtundu wotuwa posakaniza inki zamitundu, ndiye imodzi ikangopambana pang'ono chithunzi chonse chimapendekera komweko. Maprinta mwatchulawa onse ali ndi inki zakuda ziwiri ndi zotuwa ziwiri, choncho vutolo limachepa kwambiri. Pa Epson musankhe njira yosindikizira yotchedwa Advanced Black and White, musasiye Photoshop kuti ilamulire mitundu.

Koma ine ndikanayamba ndi pepala ndisanafike pa makina. Ndinayamba kukonda zakuda ndi zoyera nditaona ntchito za ophunzira a ku Market Photo Workshop ku Newtown, sukulu yomwe David Goldblatt anayambitsa mu 1989, ndipo chomwe ndinatolapo nchakuti chithunzi chimodzimodzi chimasintha nkhope pepala likasintha. Hahnemühle Photo Rag ya magalamu 308 ndi pepala la thonje, losawala, lokoma m'manja, koma mdima wake sufika pansi penipeni. Usipa wonyezimira panyanja yakuda umafuna pepala lotchedwa baryta. Pa pepala lowala lotere Canon ili ndi mwayi, chifukwa pa makatiriji ake 12 imodzi ndi Chroma Optimizer, yopanda mtundu, yomwe imasalaza kuwala kuti mukapendeketsa chithunzi pawindo malo akuda asaoneke ngati mkuwa.

Epson nayo siigonja. Epson yakale ya P800 inkataya inki posintha yakuda ya pepala lowala ndi ya losawala, koma pa P900 ya mu 2020 inki yakuda iliyonse ili ndi njira yake. Imalandiranso pepala la mpukutu mukagula chogwirira chake, zomwe PRO-1000 sichita. Kwa munthu wojambula nyanja, chithunzi chachitali chopingasa mudzachifuna ndithu. Makatiriji ake okha ndiwo ang'ono, mamililita 50, pomwe a Canon ndi 80.

Neba wa ku Mayfair:
Musanalipire funsani za PRO-1100, inatuluka mu 2024 kulowa m'malo mwa PRO-1000. Ndipo musaiwale UPS, batire losunga magetsi lija. Magetsi akathima pepala la A2 lili pakati, ndalama zapita.

Wojambula wa ku Yeoville:
Zikomo nonse. Amayi, za pepalazi sindinaziganizireko nkomwe, ndimangowerenga za makina usiku wonse. Chipinda changa chilidi pamwamba, masitepe ake okhotakhota, ndiye mtima ukupendekera ku Epson. Komabe Loweruka ndinyamula chithunzi cha amalume pa fulashi, ndikapemphe ogulitsa andisindikizire pa baryta ndi makina onse awiri, ndikaziyang'ane panja padzuwa. Chomwe makwinya a pamphumi pawo aoneke bwino ndicho ndikatenge. Funso lina: alipo amene anatumizapo chithunzi cha A2 pa basi ya ku Park Station chikafika ku Lilongwe chosapindika? Munachikulunga bwanji?