Akufuna kuika siponji pabala lamoto la mng'ono wanga, ndisaine?

Membala wobisa dzina:
Moni nonse. A admin, mundilole ndibise dzina. Mng'ono wanga amene ndimakhala naye kuno ku Joni anapsa ndi mbaula ya palafini masabata atatu apitawo. Pamimba ndi pamkono pakupola, koma pamwamba pa phazi moto unadya kwambiri. Atachotsa mnofu wakufa, mitsempha yokoka zala ikuonekera, yoyera mbee. Adokotala akuti khungu la pantchafu silingagwire pamenepo chifukwa palibe mnofu wamagazi woti lidyepo, ndiye akufuna ayambe aikapo chinthu chotchedwa BTM, ngati siponji yopyapyala, khungulo adzamezanitse pambuyo pake. Ndiye kuti maopareshoni awiri.

Amayi kumudzi akana. Akuti pulasitiki m'thupi mwa munthu ndi chiyani, mwana abwere adzapolere pakhomo. Amalume nawo akuti ngati aika, akangotuluka ku fiyeta ndimukweze basi, opareshoni yachiwiriyo akachitire kwathu. Mwiniwake akuti zonse zili kwa ine. Alipo anaionapo siponji imeneyi?

Nesi wa ku Manchester:
Pepani achimwene. Ndagwirapo ntchito kuwodi ya anthu opsa ndipo BTM ndasamalirapo. Imapangidwa ndi kampani ya PolyNovo ku Melbourne, Australia, kuchokera ku mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyurethane, kukhuthala kwake mamilimita awiri basi. Muwauze amayi kuti ili ngati mitengo imene timazika kuti nyemba ziyangepo. Ili ndi timabowo tambirimbiri, ndipo timitsempha tamagazi ndi mnofu wa wodwalayo zimamera kulowa m'menemo mpaka kukwirira mitsempha ikuonekerayo. Pamwamba pali kachikopa kotseka, kamene amasenda siponji ikafiira. Pamenepo ndiye amaikapo khungu lopyapyala la pantchafu. Siponjiyo imasungunuka yokha pang'onopang'ono, pakatha chaka ndi theka imakhala itapita.

Koma za basizo ayi, chonde. Kudikira kumatenga masabata atatu mpaka asanu, pamtsempha nthawi zina kupitirira, ndipo masiku onsewo amasintha bandeji ndi kuyang'ana ngati mafinya akusonkhana pansi. Akawaona msanga amawafinya, siponji n'kupulumuka. Tsono masiku awiri phazi lili lende pampando, kudutsa Beitbridge ndi kutentha kwa Tete kuja, lidzafika litatupa. Komanso amene anaika ndi amene akudziwa tsiku losenda.

Bambo a Chiko:
Ine ndinamva kuti zimenezi amapanga ndi nkhumba. Enafe chipembedzo sichilola.

Nesi wa ku Manchester:
Zilipo zochokera ku nyama, zoona, n'chifukwa chake ndi bwino kufunsa dzina lake. Integra, imene America anailoleza mu 1996, ili ndi zochokera ku ng'ombe ndi ku nsomba ya shaki. BTM mulibe cha nyama.

Mayi wa ku Salima:
Ku Brazil amaphimba zilonda zamoto ndi khungu la nsomba ya mtundu wa chambo, lokonzedwa ku labu. Ife tikungotaya kudzala! Koma wina asayesere pakhomo, ngati muja timathamangira mazira aawisi ndi mankhwala otsukira mano.

Nesi wa ku Manchester:
Lansombalo ndi chophimba chabe mayi, amadzachotsa. Achimwene, musanasaine funsani izi: bilu yonse ya maopareshoni awiriwo ndi zingati ndipo alipira ndani, nanga siponji ikakana kugwira adzatani. Ngati amasuta aleke lero, fodya amafinya timitsempha tomwe tikudikira kuti timere. Azidya mazira, nyemba, nyama, mkaka. Mafizo asadzawanyozere, phazi lopsa likapola limakonda kukungika.

Membala wobisa dzina:
Zikomo achemwali. Fodyayo ndiye amasutadi, dzulo lomweli amandituma ndimubweretsere mobisa. Mawa ndikafunsa za bilu, ndipo ndipempha adokotala alankhule ndi amayi pa WhatsApp, ine ndizimasulira. Amalume ndiye sindikudziwa ndiwayamba bwanji, anagulitsa kale mbuzi ya thiransipoti.