Kachitsulo kaja ndakadziwa dzina, ndi thimble

Masiku apitawa ndinafunsa dzina la kachitsulo kooneka ngati dontho la madzi kamene kamakhala mkati mwa diso la chingwe (pamene nsonga ya chingwe yapindidwa ngati mphete) pa boti la thanga. Amene munandiyankha zikomo, ndi thimble. Nditakagwira m'manja ndinamvetsa ntchito yake: kali ndi kangalande m'mphepete monse, chingwe chimagona mmenemo, ndiye pokoka chimene chimakhuzika ndi chitsulo, osati ulusi wa chingwe. Komanso chingwe sichipindika mothina, poti chikapindika choncho chimafooka msanga.

Chimene chimalowa m'diso limenelo ndi shackle, chitsulo chokhota ngati chilembo cha U chotsekedwa ndi pini. Ilipo yopapatiza ngati D, yoyenera kukoka mbali imodzi, ndi ina yamimba yotakata yotchedwa bow shackle, imene imalola zingwe kuchokera mbali zosiyana. Chonde musaiwale kumanga pini ija ndi kawaya. Kugwedezeka kwa boti kumaimasula pang'onopang'ono, inu osadziwa.

Liwu limene linandisokoneza kwambiri ndi sheet. Ine ndinkati ndi nsalu ya thanga, pomwe ndi chingwe chowongolera thangalo malinga ndi mphepo. Chokwezera thanga pa mlongoti ndi halyard, chimadutsa pa kagudumu kotchedwa block, n'kukamangidwa pa cleat, kachitsulo ka nyanga ziwiri. Pamenepo sitimanga mfundo yolimba ayi, timazunguliza chingwe mopingasa ngati nambala 8 kuti mphepo ikakula mwadzidzidzi chimasuke msanga.