Msana wandigwira pa makina osokera, mafizo oyenera ndi ati?

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndine mayi wa zaka 41, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo chino ndi chaka cha 14 ndikupalasa makina a Butterfly. Chiyambireni mpanipani wa mayunifomu mu August, msana sukundipatsa mtendere. M'mawa ndimadzuka bwinobwino, koma ikamati 11 koloko zimakhala ngati wina wandikhoma msomali pamwamba pa thako lakumanja. Khosi nalo gwa. Mwana wanga anandijambula pafoni ndikusoka, ndinachita manyazi: mutu uli kutsogolo ngati kamba, mapewa akugwa, kalinunda kayamba kuoneka.

Brufen ndamwa mpaka m'mimba mwayamba kuotcha. Mwana yemweyo anandionetsa mafizo a pa TikTok, masitiapu (kugona chagada n'kumadzuka kukhala tsonga) ndi kuwerama kugwira zala zakuphazi. Ndinalimbikira masiku anayi, ululu m'malo mochepa unatsikira kuntchafu. Kusiya kusoka sindingathe, ana adya chiyani? Amene munadwalapo chonchi, munachita chiyani?

Make Tadala: Pepani asisi. Gulani lamba wa msana ku famase, apongozi anga anawathandiza.

Che Ndevu: Zaka 14 pamalo amodzi, makasitomala osatha, anzanu pakhondepo akungoyang'ana. Ine sindinena zambiri.

Make Tadala: Achimwene musamuopseze munthu, nanga aliyense wodwala msana amulodza?

Wamafizo: Mayi, ine ntchito yanga ndi yomweyi, koma poti sindinakupimeni mutenge izi ngati poyambira chabe. Masitiapu ndi kuwerama kuja siyani kaye. Tsiku lonse msana wanu umakhala wopindikira kutsogolo, ndiye madzulo mukuupindiranso komweko. Gwirani lamulo ili: mafizo akamatsitsira ululu kumwendo, ngakhale akhale otchuka bwanji, si anu. Ululu ukamachoka kuntchafu n'kubwerera pakati pa msana, ndiye kuti zikuyenda.

Yambani ndi pamene mumakhala. Ngati ndi kampando kotsika koti mawondo amakwera kuposa chiuno, kwezani ndi khushoni yolimba, ndipo mupinde chitenje muike kumbuyo kwa chiuno. Pakatha mphindi 30 zilizonse imirirani, manja m'chiuno, pendekerani chambuyo pang'onopang'ono kasanu. Sizitha ndi mphindi imodzi yomwe, kasitomala sangathawe.

Kunyumba pamphasa: gonani chafufumimba, dzutsani chifuwa potsamira zigongono, khalani choncho mphindi imodzi kapena ziwiri. Kenako gonani chagada, pindani mawondo, kwezani matako m'mwamba, werengani mpaka 5, tsitsani, maulendo 10. Minofu ya m'matako imafooka munthu akamangokhala, ndiye ntchito yake imagwera msana. Za khosi, kokerani chibwano m'kati osaweramitsa mutu, ngati mukuthawa fungo loipa, kakhumi, ngakhale muli pa makina pomwepo. Muziyendanso wapansi, mwina kutsika minibasi patali pang'ono. Izi si panado, zipatseni masabata 6.

China chomwe atelala ambiri sachiganizira ndi maso. Zaka zikadutsa 40 kuona zapafupi kumayamba kuvuta, ndiye munthu amasendeza mutu kufupi ndi singano osadziwa. Mungachite mafizo a khosi chaka chonse, koma ngati vuto ndi magalasi kapena mdima wa pakhonde, kamba uja sachoka.

Lamba amapepuza masiku owawitsa, koma kumuvala tsiku ndi tsiku sikuchiza. Brufen pamimba yoyamba kale kuotcha, ayi, siyani mukafunse achipatala.

Tsono mvetsetsani apa. Mukamva dzanzi pakati pa miyendo, mkodzo ukamakanika kapena kutuluka wokha, phazi likamakhwekhwereza pansi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukamaonda, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana ndipo kwathu kuno si yachilendo. Ngati zimenezi palibe, pitanibe ku health centre ndi buku lanu mupemphe akutumizeni ku mafizo ku Queens, akuoneni maso ndi maso.

Gogo wa ku Bangwe: Ine ndinasoka zaka 30 mwanangu. Za kuimirira akunenazo n'zoona. Ndinkaika dala sizasi ndi ayironi patebulo lakutali kuti ndizidzuka. Anzanga ankandiseka kuti ndine wosalongosoka.

Mwini funso: Zikomo nonse. Dzanzi palibe, kuonda ayi, ndikunenepa kumene. Koma za maso mwandigwira pakamwa, chaka chino ulusi amandilowetsera mu singano ndi mtsikana wogulitsa ma units pafupi nane. Kampando kanga ndi kotsikadi, ndinagula kwa kalipentala wa mipando ya ana a sukulu. A Wamafizo, zokweza matako zija ndizichita m'mawa ndisanapite kapena madzulo ndikaweruka?

Wamafizo: Nthawi iliyonse yomwe simuiwala mayi. Lachisanu mudzatiuze pamene ululu wafika, kuntchafu kapena pamsana.