"Usaphike mwana wa mbuzi mu mkaka wa mayi wake": mwambi kodi, kapena lamulo?

Funso:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mawu awa a pa Eksodo 23:19 amamveka ngati mwambi wa makolo. Kodi ndi okuluwika, oti tanthauzo lake munthu alikumbe, kapena Ayuda amawatenga monga alilimo?

Yankho loyamba:
Bambo, kwa Ayuda limeneli ndi lamulo la kukhitchini. M'Chiheberi amati basar bechalav, kutanthauza nyama mu mkaka. Mawuwa analembedwa katatu, pa Eksodo 23:19, pa 34:26 ndi pa Deuteronomo 14:21, ndipo aphunzitsi awo, arabi, anati kubwerezako kukuimira zoletsa zitatu: kuphika nyama ndi mkaka pamodzi, kudya chophikidwacho, ndi kupindula nacho. Simungachigulitse, ngakhale kumupatsa galu wanu. Mawu akuti gedi ndi kamwana ka mbuzi ndithu, koma anawamasulira kuti akuphatikiza ng'ombe ndi nkhosa, ndipo mkakawo sikuti ukhale wa mayi wake weniweni ayi.

Yankho lachiwiri:
Ndionjezere za nthawi, poti ambiri amasokonezeka pamenepa. Mukadya nyama, mumadikira musanagwire cha mkaka. Ochuluka amadikira maola 6. Ayuda ochokera ku Germany amadikira 3, a ku Holland ola limodzi. Chifukwa chake n'chakuti mafuta a nyama amachedwa kutha kukhosi, ndipo timinofu timatsalira m'mano. Mukayamba ndi mkaka n'zopepuka: sambani m'manja, tafunani kanthu kouma ngati buledi, tsukani m'kamwa, nyama mungathe kudya. Kupatula tchizi cholimba chomwe chakhala miyezi 6, chimene ambiri amachidikirira ngati nyama. Mazira, nsomba, masamba ndi zipatso zili pakati, amazitcha pareve, zimadyeka ndi mbali iliyonse. Komabe nsomba ndi nyama saziika m'mbale imodzi. Limenelo ndi lamulo lina, la zaumoyo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Nanga nkhuku bwanji? Nkhuku siyamwitsa, ndiye mkaka wa mayi wake uchokera kuti?

Yankho lachitatu:
Mwagwira penipeni, bambo. Funso limenelo lili kale mu Mishnah, buku lakale la malamulo a Chiyuda, m'chigawo cha Chullin. Rabi Yose wa ku Galileya ananena zomwezo, ndipo Talmud, mabuku a arabi ofotokozera Mishnah, imati kwawo anthu ankadya nyama ya mbalame ndi mkaka. Maganizo ake sanapambane. Nkhuku inaletsedwa ndi arabi ngati mpanda wotchinga, kuopa kuti wozolowera nkhuku ya mu mkaka tsiku lina adzaponyamo nyama ya ng'ombe.

Yankho lachinayi:
Vuto lenileni lili pa ziwiya. Chiyuda chimati mphika wotentha umamwa kukoma kwa chophikidwamo, n'kudzakulavula ukatenthanso. N'chifukwa chake nyumba yosunga kosher, malamulo a Chiyuda a zakudya, imakhala ndi mapoto, mbale, mipeni ndi zotsukira za mitundu iwiri, nthawi zambiri zofiira za nyama, zabuluu za mkaka.

Zikasakanizika mwangozi pali muyeso wa 1 pa 60. Kasupuni ka tiyi kodzaza mkaka ndi mamililita 5. Kakagwera mumphika wa nyama, msuzi ndi nyamayo zifike mamililita 300 kapena kuposa kuti mkakawo uwerengedwe kuti watayika. Zikachepa, ndiwo yonse yaonongeka. Koma musati muthire dala n'kumawerengera 60, zimenezo sizololedwa.

Poto wachitsulo amakonzeka. Mumukweche mpaka dzimbiri ndi zomatirira zichoke, akhale maola 24 osagwira ntchito, kenako mumumize m'madzi obwata, n'kumutsukuluza ndi ozizira. Anthu amalakwitsa poponya masupuni ambiri nthawi imodzi: madzi amaleka kubwata, ntchito yapita pachabe. Chitsulo chootchera nyama pamoto madzi sachikwanira, chimafunika kuchitentha mpaka chifiire. Mphika wadothi ulibe mankhwala, zomwe wamwa sulavula zonse, ndiye amangousiya.

Yankho lachisanu:
Ine ndiima pang'ono kumbali ya wofunsayu, chifukwa khutu lawo silinaname. Malemba sapereka chifukwa cha lamuloli, ndiye akaleakale analifunafuna. Philo wa ku Alexandria, wanzeru wakale wachiyuda, analiwerenga ngati phunziro la chifundo: mkaka umene unayenera kulera kamwanako usasanduke msuzi wokaphikira. Maimonides, rabi wotchuka yemwe anamwalira mu 1204, ankaganiza kuti unali mwambo wa opembedza mafano pa zikondwerero zawo, poona kuti mu Eksodo mawuwa akubwera pamodzi ndi malamulo a maphwando a pachaka. Kumasulira kwa Philo ndi kumene kumakoma m'khutu, koma Myuda wosunga mwambo akakupezani mukuthira batala pa nyama ya nkhosa sakufunsani ngati nkhosayo inali pachibale ndi ng'ombe yomwe anakama.

Wofunsa:
Ndamva. Ndiye tiyi wa mkaka pambuyo pa nsima ya nyama ya mbuzi ndi mpaka madzulo?

Yankho lachiwiri:
Mukadya 12 koloko masana, tiyiyo ndi wa 6 koloko madzulo. Wopanda mkaka imwani pompo, bola kapu ikhale yoyera.