Funso: miyeso ya ngalande ya pansi pa The Breakers

Moni nonse m'gulu muno. Ndikupanga kachifaniziro ka The Breakers pa sikelo ya 1:200. Iyi ndi nyumba ya zipinda 70 yomwe inali ya mpondamatiki Cornelius Vanderbilt II ku Newport, Rhode Island, m'dziko la America, yoyandikana ndi Salve Regina University.

Pandikanika ndi pansi pa nthaka. Nyumba yoyamba yamatabwa itapsa mu 1892, Richard Morris Hunt adajambula ina ya zitsulo, njerwa ndi miyala. Poopa moto, boiler (chipangizo chotenthetsa madzi ofunditsira nyumba) adaiika patali, chakugeti, n'kuilumikiza ndi nyumba kudzera m'ngalande ya pansi.

Google Earth ikungoonetsa denga. Mapulani omwe ndapeza pa intaneti ndi a zipinda zokha.

Alipo amene ali ndi miyeso ya ngalandeyi, m'litali ndi m'lifupi, komanso pomwe imalowera m'nyumba?